A Zuze ndi njinga ziwiri za ku Msanzala

A Zuze anamwalira mvula ili pakati, ndipo uthenga unandipeza ndili m'munda wa mlimi wina ku Kaumbwe, tikufunafuna mbozi m'chimanga. Anaimba foni ndi Malita, mwana wawo wamkazi. Sananene zambiri. Anangoti atate apita, tiika mailo ku Nyimba, ngati mungakwanitse bwelani. Ku Petauke, kumene munthuyu anakonza njinga zamoto zaka zambirimbiri, m'mawa mwake tinanyamuka anthu atatu okha: ine, mkazi wanga, ndi mkulu wina wa mpingo amene salephera maliro alionse. Ndinawerenga dala, ndipo zikundiwawabe.

Anyamata onyamula anthu pa njinga pamsika wa Petauke dzinalo amalidziwa, ngakhale mwini wake sanamuonepo. Njinga ikazima panjira itangochoka kumene kwa makaniko, amati akuchita za Zuze, n'kuseka. Ambiri a iwo anali akuyamwa pamene zinthuzo zinkachitika. Ine ndinalipo, ndipo mbale ya tsikulo ndinagwira ndine. Ndakhala chete nthawi yonseyi dzina la munthu likusanduka chitonzo, ndipo tsopano ndatopa nako kukhala chete.

Ndinawadziwa chifukwa cha ntchito. Ndine mlangizi wa zaulimi, ndipo masiku amenewo tinkayendera tinjinga tating'ono tija tofuka, timene oyilo wake amapsera limodzi ndi petulo. Amakaniko amati thuu sitiroko, ife tinkangoti njinga za utsi. Shedi ya a Zuze inali kuseri kwa msika, nyumba yawo ili kumbuyo kwake. Ukafika, moni ankabwera pambuyo. Choyamba chinali funso limodzi, iwo asanadzutse n'komwe mutu: "Ipita kuti?"

Funsoli silinali la miseche. Mu kabuleta, mmene petulo amasakanikirana ndi mpweya, muli kachitsulo ka mkuwa kochepa ngati njere ya chimanga, kokhala ndi kabowo kodutsira petulo. Kameneko ndiye jeti. A Zuze anali nazo zambiri m'kachitini ka fodya, iliyonse ndi kukula kwa bowo lake. Ukati ukupita ku Nyalugwe, kuchigwa, ankachotsa ya kumtunda n'kuika yokulirapo. Ankati mpweya wa kuchigwa ndi wolemera, injini imaumeza wambiri, ndiye imafunanso petulo wambiri. Ikaperewedwa petulo imatentha, pisitoni imafufuma n'kugwira, tayala lakumbuyo n'kuima pomwepo iwe uli pa liwiro.

Tsiku lina ndinali pachangu, alimi akundidikira kuchigwako, ndipo ndinawauza kuti angomanga tcheni, za jeti tidzaona ndikabwera. Anamanga tcheni bwinobwino, kenako anazula kiyi n'kuyiponya m'thumba la ovolosi.

"A Sakala, changu ni canu, si ca njinga. Khalani apo."

Ndinalalata mpaka amayi ogulitsa tomato anasiya malonda kudzaonerera. Iwo anamasula kabuleta mosapupuluma, akuimba kamluzu. Ndinachoka ndikulumbira kuti sindidzabweranso, ndipo sabata yotsatira ndinabwera.

Sankakhulupirira mawu a mwini njinga. Ankakhulupirira pulagi. Akamaliza kukonza ankakuuza kuti ukwere chitunda cha kunja kwa tauni ndi mphamvu zonse za injini, uzimitse pamwamba pomwepo, ndipo usayerekeze kuilizanso. Ankakutsatira wapansi, sipana ili m'manja, iwe ukupsa ndi dzuwa. Pulagi ikatuluka yakuda ankati njinga yakhuta mopitirira. Ikatuluka yofiirira ngati khoko la mtedza wokazinga ankati "pulonto", kutanthauza kuti zatheka, mawu okhawo a Chipwitikizi amene ndinawamvapo pakamwa pawo. Ikatuluka yoyera ngati phulusa nkhope yawo inkasintha, ndipo njingayo unkaikankha pobwerera.

Oyilo ankamuyeza ndi botolo la mkaka wa mwana, lija la mizere m'mbali. Anali oyilo wofiira, wa njinga za utsi basi, ndipo akamusakaniza petulo ankaoneka ngati madzi otsukira nyama. Munthu wothira oyilo mongoyerekeza ankamunyoza pamaso, kaya ndi mphunzitsi wamkulu kaya ndi m'busa. Sindinganame kuti anali munthu wokondedwa. Anali waukali, wosachedwa kukuuza kuti ndiwe mbuli, ndipo mawu oti pepani sankawadziwa. Anabwera kuchokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo, ndipo anzawo atabwerera kwawo iwo anatsala. Za kumeneko sankanena, kupatula kuti amene anawaphunzitsa ntchito ku Tete ankawamenya zala ndi sipana. Anthu ankawabweretsera njinga chifukwa panalibe wina wofanana nawo, koma akatembenuka ankati mlendo uja ndi wonyada.

Zaka zawo zomaliza anakhala ku Nyimba, m'mbali mwa msewu waukulu, pafupi ndi pamene amayi amagulitsa nthochi kwa anthu a m'mabasi. Ndinkawayendera ndikapita ku misonkhano. Njinga za utsi zinali zitayamba kutha, kutabwera zatsopano zosasakaniza oyilo, zimene iwo ankati ndi za anthu aulesi. Ankakonza makina ochekera matabwa, mapampu opopera madzi kudimba, nthawi zina ngakhale wilibala. Mnyamata akabwera kuti njinga yake aiwonjezere liwiro, ankangomulozera msewu. Galimoto ikaima n'kutsika munthu wa ku Petauke, ankatembenuza mpando. Ine ndekha ankandilandira, komabe ndikangotchula Msanzala ankaimirira n'kuyamba kupukuta chitsulo choyera kale.

Nkhani ya ku Msanzala inali iyi. Anyamata ena anali atagula njinga za utsi zakale zimene mabungwe ankagulitsa zikatopa. Anazichotsa magalasi ndi zonyamulira katundu, n'kumapikisana padambo louma akatha kukolola. Anaunjika milu ya dothi yodumphapo, ndipo mbali imodzi inali njira yowongoka yotsata mitengo ya bulugamu. Njinga zoopsa zinali ziwiri, yofiira ya Lameki ndi yoyera ya Yotamu, ndipo zonse ankakonza a Zuze. Lameki mayi ake anali ochokera ku Mozambique. Yotamu anali mwana yekhayo wamwamuna wa a Daka, eni chigayo cha ku Msanzala.

A Zuze ankakonda kuziyerekeza njinga ziwirizi, ndipo apa pokha ndi pamene ankalankhula kwa nthawi yaitali. Yofiira ankati ndi yolemera koma imakoka kuyambira pansi, mumchenga ndi m'makona siivutika. Yoyera ndi yopepuka, imagona mpaka injini italira mokweza, kenako imalumpha ngati yalumidwa ndi mavu. Ankati padambo lija makona ndi ambiri, choncho yofiira idzapambana nthawi zonse, ndipo zimenezi ankanena Yotamu ali pomwepo. Mnyamatayo anali atagonja kawiri pamaso pa mtsikana amene ankafuna kukwatira. Anakhala pashedi masiku atatu akuchonderera kuti amuikire jeti yaing'ono, poti injini yopatsidwa petulo wochepa pang'ono imalira mwaukali ndi kuthamanga kwambiri.

Tsiku lachitatu a Zuze anagonja, ine ndili pomwepo kudikira njinga yanga. Anaika jeti yotsika ndi sitepe imodzi, anamutumiza kuchitunda, ndipo pulagi atayiyang'ana nthawi yaitali sananene pulonto. Anasakaniza okha petulo m'chigubu.

"Mvela bwino, iwe. Yafika pa malile. Uthamange masana cabe, dzuwa litatentha. Petulo ni uyu, osati wina. Thanki asatsegule munthu, olo atate ako."

Yotamu anaseka n'kunena kuti wamva.

Loweruka la mpikisanowo, mwezi wa Julaye, ndinaima pafupi ndi a Daka m'mphepete mwa dambo. Anali munthu wamkulu thupi, wosangalala, wonyadira injini ya chigayo chake imene inali isanawavutepo. Anandigwira paphewa ndi dzanja lawo lakuda ndi girisi.

"Zuze ni waumbombo na oyilo," anatero. "Apima monga mankhwala ya mwana. Injini ifuna kukhuta, a Sakala. Koma lelo mwana wangu ali bwino, njinga nayionako ine neka m'mawa, na manja yanga."

Ndinaseka nawo. Mawuwo analowa khutu ili n'kutulukira linalo.

Pozungulira kachiwiri yoyera inali patsogolo, ndipo anthu a ku Msanzala ankakuwa ngati apenga. Pozungulira kachitatu, panjira yowongoka ija, kulira kwake kunasintha, kunakhala kopyapyala, kouma. Ndinaona a Zuze, amene anaima okha patali, akuthamangira m'bwalo manja ali m'mwamba. Sindinawaonepo akuthamanga chiyambire. Kenako injini inangoti zii, tayala lakumbuyo linakwekwereza fumbi, ndipo Yotamu anauluka n'kukagwera pachitsa cha bulugamu. Anamwalira m'galimoto tisanafike kuchipatala.

Pamaliro mawu anali atayamba kale kuyenda. Njinga zonse ziwiri anakonza munthu mmodzi, yafa ndi ya mwana wa kuno, yapambana ndi ya mwana wa kwawo. Sananene yekha kuti yofiira idzapambana nthawi zonse? Tsiku lotsatira maliro, cha m'mawa, njinga yoyera inafika pashedi ili pangolo ya ng'ombe, kumbuyo kwake kuli amuna osachepera makumi atatu. Ena anali ndi zibonga, ndipo msuweni wa malemuyo ananyamula chigubu cha petulo ndi machesi poyera. Ine ndinamva phokoso ndili ku ofesi n'kuthamangira komweko. Malita ndi mayi ake anali atadzitsekera m'nyumba, ndipo nsalu ya pawindo inkagwedezeka.

A Zuze sanathawe. Anatuluka ndi bokosi la zipangizo, analiika pansi, nati munthu asanayatse moto njinga itsegulidwe onse akuona. Anthu anang'ung'udza, koma a Daka, maso ali otupa, anakweza dzanja kuti awasiye atsegule. A Zuze anamasula mutu wa injini. Pisitoni inali yokalikakalika mbali imodzi, ndipo pulagi inali yoyera mbuu. Anaziika pansalu. Kenako anandiyang'ana, poti panalibe wina amene akanavomera kuwathandiza, n'kundipatsa mbale yakale ya enamelo kuti ndigwire pansi pa kabuleta.

Ndinagwada. A Daka anaima pamwamba pathu, mawondo awo akundikhudza msana, ena onse ali kumbuyo kwawo. A Zuze anamasula kabawuti ka pansi. Ndinkayembekeza petulo wofiirira uja. Chimene chinatsikira m'mbale chinali chakuda, ndipo chakumapeto chinkatsika mochedwa, chonanda, chikusiya mzere. Anaviika chala, ananunkhiza, ndipo fungolo linandifika inenso. Anali oyilo wa injini ya dizilo, wakale, amene amatsanulidwa m'chigayo. Oyilo wotero sasungunuka bwino mu petulo, amatsikira pansi n'kutsekereza kabowo ka jeti. Mawu a a Daka a kudambo aja anandibwerera onse.

A Zuze anakweza maso pang'onopang'ono. Sanayang'ane nkhope ya a Daka, anayang'ana manja awo. Ndinadikira kuti alankhule. Mawu asanu okha akanakwanira kuti gulu lonselo libwerere kwawo mitu ili pansi. M'malo mwake anandilanda mbale, anakhuthulira pamchenga ngati madzi otsukira, n'kufotsera ndi nsapato. Anamasula jeti, anaimirira, n'kuikweza pakati pa zala ziwiri kuti aliyense aone.

"Iyi ni yaing'ono. Siyenela kukhala mu njinga iyi. Ninaika ndine. Mwana anapempha, ine ninadziwa kuti ni zoopsa, koma ninaika. Sin'nafune kuti afe, ndipo za Lameki palibepo. Koma dzanja ni langa."

Gulu linasefukira kutsogolo. Wina anawamenya chibonga paphewa, ndipo anagwa ndi bondo limodzi. Ndinamva fungo la petulo akumwazidwa pamalata, m'nyumba muja Malita akukuwa. Amene anaimitsa zonse ndi a Daka. Analanda machesi m'manja mwa msuweni uja, anaimirira pakati, n'kulankhula ndi mawu osasa.

"Osamugwila. Osashoka kanthu na moto. Acoke cabe, nisamuonenso kuno."

Anthu anatamanda mtima wawo kwa miyezi yambiri. Nanenso tsikulo ndinkaganiza kuti ndi chifundo.

Masana omwewo ndinawapeza a Zuze akulongedza, dzanja limodzi likulendewera. Ndinakwiya kuposa tsiku la kiyi lija. Ndinawafunsa chifukwa chimene ananamizira anthu.

"Nanama pati? Jeti sin'naike ine?"

"Nanga oyilo uja?"

Anakhala pabokosi. Anati jeti yawo ikanakhala yokha, mnyamatayo akanamaliza mpikisano. Oyilo uja akanakhala yekha, ndi jeti yaikulu, njinga ikanangofuka n'kutsokomola, mwina n'kuzima bwinobwino. Zinapha chifukwa zinakumana.

"Ine nakamba mbali yanga. Mbali inayo mwine wake alipo. Mufuna niuze munthu amene waika mwana mailo kuti anamupha yekha, pofuna kumuteteza? Munaona na imwe, a Sakala. Muli na pakamwa. Kamuuzeni."

Sindinapite. Ndinadziuza kuti ndidikire maliro azizire, kenako kuti ndidikire chaka chithe. Alimi a ku Msanzala ndinkagwira nawo ntchito, chimanga changa chinkagayidwa pachigayo chomwecho. Ndinkaopa, palibenso dzina lina loti ndichitchule. A Zuze sanandikumbutsepo, ndipo sanandikhululukire poyera. Ankangondipatsa mpando ndikafika ku Nyimba, n'kundifunsa kuti njinga ipita kuti.

Titaika maliro awo, Malita anandiuza chinthu chimene sindinkachidziwa. Anati chaka chilichonse, mwezi wa Julaye, bambo wina wamkulu thupi ankatsika basi ya m'mawa yochokera ku Petauke. Ankakhala pakhonde la sitolo ya tsidya la msewu, moyang'anana ndi shedi yawo ya ku Nyimba, mpaka basi ya masana. Sankawoloka. Atate ankamuona, ankagwira ntchito tsiku lonse osatembenuza mpando, ndipo analetsa aliyense wa m'nyumba kumupatsa moni kapena madzi.

Julaye atafika ndinapempha tchuthi n'kupita ku Nyimba. Ndinadikira masiku awiri. Tsiku lachitatu ndinawaona a Daka akutsika basi, ataonda, akuyenda ndi ndodo. Anakhala pakhonde paja, ndipo ine ndinakakhala pambali pawo. Tinapatsana moni ngati anthu okumana kuchigayo. Koma ulendo uno ndinafunsa.

"A Daka, munadziwa?"

Sanandiyang'ane. "Oyilo wangu nimuziwa, a Sakala. Nenze pamwamba panu tsiku lija, mbale n'naiona."

"Ndiye zaka zonsezi?"

"Nenze kulindila kuti Zuze aniitane. Anitukane, animenye, akambe pa wanthu. Nenze kuti akayamba yeve, ine nizavomela." Anapukuta pakamwa ndi chikhatho. "Enze kukambako za ine?"

"Iyayi."

"Olo kamozi?"

"Olo kamodzi."

Ndinawauza kuti ndilemba zimene ndinaona, ndipo anthu azindikira. Anagwedeza mutu, sindikudziwa ngati kunali kuvomera. Dzina lawo ndalisintha chifukwa cha akazi awo, amene akali moyo. Ndikudziwa kuti amene ankanyamula zibonga tsiku lija sadzavutika kudziwa, ndipo adziwe.

Tsidya la msewu panalibenso shedi. Malata Malita anachotsa n'kukafolera khitchini, zipangizo anagawana adzukulu. Panatsala nsanamira zinayi za mtengo ndi benchi la thabwa lochindikala, lokhala ndi mabowo anayi pamene panali chopanira zitsulo. Amayi a nthochi amaikapo madengu awo akamabisala dzuwa, ndipo tsikulo mbuzi ziwiri zinagona pansi pake. Msomali umene ankapachikapo ovolosi ukadali pansanamira ya kumanzere, utapindika. Malole akamadutsa fumbi limalowa mbali ina n'kutulukira inayo, popanda chotchinga.

Basi ya ku Petauke inafika, kondakitala anaitana kawiri, ndipo ine ndinaimirira. A Daka sanasunthe. Ndili pawindo ndinawaona akali pakhonde pomwepo, ndodo ili pakati pa miyendo, maso ali pansanamira zinayi zija, akudikirabe kuti a Zuze awaitane.